Jenereta yanga ikungolira ndikatseka choke: ndiikonze kapena ndigule sola?

Funso lachokera kwa bambo wina wa kufupi ndi Chia, m'boma la Nkhotakota, amene pakhomo pake mawaya a magetsi sanafike. Akuti: "Ndili ndi jenereta ya petulo yolembedwa 2.5 kVA, ndinagula yogwirapo kale ntchito. Ndimayatsira firiza yosungira nsomba, mababu 6, TV ndi dikoda, makina ometera, komanso ndimatchajira anthu mafoni pafupifupi 20 pa tsiku. Imalira maola 6 madzulo aliwonse. Masiku ano ikumalira pokhapokha choke ikhale yotseka theka. Ndikatsegula imayamba kukwera ndi kutsika, kenako n'kuzima. Yandiwotchera kale dikoda ndi matchaja awiri, ndipo phindu lonse likuthera ku mafuta. Ndimakonda kukonza zinthu ndekha. Ndiikonze, kapena ndiigulitse n'kugula sola?"

Bambo, musaigulitse. Zimene mwafotokozazi si za injini yotha ayi. Ndi kabureta yotsekeka ndi litsiro, ndipo munthu wodziwa kugwira sipanala ngati inu angaikonze dzuwa lisanafike pamutu. Koma ngakhale itachira, mafuta adzakupwetekanibe, chifukwa katundu amene mwaisenzetsa ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi mphamvu zake. Ndiye tiikonze kaye, kenako tiipatse ntchito ina yothandizira mabatire.

Majenereta ambiri a kukula uku ali ndi injini yotengera Honda GX160 kapena GX200, ndipo zambiri zimalembedwa 168F m'mbali. Miyeso yonse imene nditchule ndi ya injini zamtundu umenewu.

Ntchito ya choke ndi kuchepetsa mpweya wolowa mu injini. Injini ikatentha koma n'kumafunabe choke, ndiye kuti mafuta akufika ochepa, ndipo inu mukuipana mpweya kuti ziwirizi zilingane. M'kabureta muli majeti awiri. Yaikulu imapereka mafuta injini ikalemedwa, yaing'ono imapereka mafuta injini ikamalira yopepukidwa. Bowo la jeti yaing'onoyo silifika n'komwe theka la milimita, kotero kachitsotso kosaoneka ndi maso kamalitseka. Likatsekeka, injini imasowa mafuta n'kutsika liwiro. Gavana, amene ntchito yake ndi kusunga liwiro pamalo amodzi, amatsegula njira yonse, jeti yaikulu n'kuthira mafuta ambiri, injini n'kuthamanga mopitirira. Gavana amatsekanso, injini n'kusowanso mafuta. Kukwera ndi kutsika kumene mukumva kuja ndi kumeneku. Magetsi otuluka nawonso amakwera ndi kutsika chimodzimodzi, ndipo dikoda yanu iyenera kuti inapsa pa chifukwa chomwechi. Kuyambira lero musalumikizenso TV kapena mafoni a anthu mpaka injini itakhazikika.

Musanamasule kanthu, yezani mafuta. Tsekani kampopi ka mafuta, ikani botolo lagalasi loyera pansi pa kabureta, mumasule kabawuti kopendekeka kamene kali pa kambale ka pansi. Mafuta akatsikira m'botolo, alekeni mphindi 5. Mukaona timadontho kapena mzere wa madzi utakhala pansi, petulo ali pamwamba, kapena muona timbewu tofiirira ta dzimbiri, dziwani kuti vuto layambira m'thanki. Pamenepo kutsuka kabureta kokha sikukwanira, pakatha sabata idzatsekekanso.

Za madzi m'mafuta ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa kunyanja kuno ndi vuto lalikulu. Petulo wa m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo gawo lina la ethanol ameneyu limapangidwa m'boma lanu lomwelo, ku Dwangwa, kuchokera ku zotsalira za nzimbe, kuyambira mu 1982. Mafutawo si oipa, galimoto zimayendera bwinobwino. Kungoti ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya. Galimoto imamaliza thanki msanga, pomwe jenereta imagona ndi mafuta otsala m'kambale, m'nyumba ya m'mphepete mwa nyanja momwe mpweya ndi wonyowa. Madzi akachuluka, ethanol amagwirana nawo n'kutsikira pansi pa thanki, pomwe paipi imakokera. Madziwo amadyetsa thanki dzimbiri, ndipo m'kabureta amasiya zoyera ngati ufa. Petulo akauma m'kambale amasiyanso phula lomata. Onjezerani apo petulo wa m'zigubu, amene wadutsa m'manja ambiri, nthawi zina m'chigubu chimene dzulo munali madzi kapena parafini. Mafuta akasowa pa filing'i siteshoni inu n'kugula wa m'chigubu, muzimusiya akhazikike m'botolo loonekera, muthire wa pamwamba yekha kudzera pa sefa, wotsalira pansiyo musamuumirire.

Tsopano kutsuka. Mufunika sipanala ya 10, sikuludilaiva yafulati yopyapyala, pulayala, chitini cha mankhwala opopera otsukira kabureta, ndi kachingwe kamodzi ka kopa kosolola mu waya wofewa wa magetsi. Yalani nsalu yoyera pansi, chifukwa tizitsulo take tikagwera mumchenga simungatipezenso. Jambulani ndi foni mmene kandodo ka gavana ndi kasipuling'i kake kopyapyala zakolekedwera pamwamba pa kabureta. Ambiri amasokonezekera pamenepa pobwezera.

Chotsani sefa ya mpweya, mumasule manati awiri ogwira bokosi lake, muchotse paipi ya mafuta, musolole kabureta pang'onopang'ono uku mukukolola kandodo ndi kasipuling'i kaja. Masulani bawuti ya pakati pa kambale. Sololani kapini kogwira fuloti, choyandama chimene chimatseka mafuta kambale kakadzaza, ndipo fuloti ituluka pamodzi ndi kasingano kake ka nsonga ya labala. Nsongayo ikakhala ndi mzere wodyeka, kasinganoko kasinthidwe. M'kati mwa mzati wa pakati muli jeti yaikulu ya mkuwa. Imasuleni ndi sikuludilaiva yokwana bwino, chifukwa mkuwa ndi wofewa ndipo ukaphwanyika mutu zimavuta. Pamwamba pa jetiyo pali kapaipi ka mkuwa kokhala ndi timabowo m'mbali. Gogodani pang'ono katuluke, muyang'anitse padzuwa, bowo lililonse lionetse kuwala.

Jeti yaing'ono, imene ikukuvutitsaniyo, ili kunja, pamwamba pa kabureta. Ndi kapulasitiki kakuda kopanikizidwa ndi sikuluu yakuda. Werengani kuti sikuluuyo mwaizunguza kangati pomasula, kuti mudzaibwezere pomwe inali. Tukulani kapulasitikiko mosamala. Kunsonga kwake kuli kabowo. Pisanimo kachingwe ka kopa kaja, mupopere mankhwala mpaka atulukire mbali ina. Musapisemo singano yosokera kapena waya wachitsulo. Chitsulo chimakulitsa bowo, ndipo bowo likakula injini imamwa mafuta ambiri n'kumadetsa pulagi mpaka kalekale. Poperaninso m'njira zonse za m'thupi la kabureta, maso mutawateteza, chifukwa mankhwalawa amabwerera kumaso. Timphete ta labala tisakhalitse m'mankhwala, timafufuma.

Pobwezera yang'anani magasiketi ndi chipulasitiki chakuda chimene chimakhala pakati pa kabureta ndi mutu wa injini. Gasiketi yong'ambika kapena chipulasitiki chosweka zimalowetsa mpweya wakuba, ndipo injini imakwera ndi kutsika ngati momwe imachitira jeti ikatsekeka. Ngati munaona dzimbiri m'botolo muja, chotsani thanki, mutsukuluze ndi petulo woyera, mutsuke kasefa ka pa kampopi, ndipo pa paipi muikepo kasefa ka mafuta kooneka m'kati, kofanana ndi ka njinga zamoto za kabaza. Kabureta ikakhala kuti yadyeka m'kati mpaka kuchita mabowo, musavutike nayo. Yatsopano ya 168F imapezeka m'mashopu a zipangizo za majenereta ndi mapampu. Pitani ndi yakaleyo mukafananize, popeza ya jenereta ndi ya pampu zimasiyana kachitsulo ka choke ndi polowera paipi.

Mukatero, mwa mwayi waukulu injini ilira bwino choke ili yotsegula. Ikapitiriza kuzima, onani nthawi imene imazimira. Yozima pakatha mphindi 10 kapena 15, n'kuliranso mukatsegula chivindikiro cha thanki, ndiye kuti kabowo kopumira pa chivindikirocho katsekeka ndipo mafuta akulephera kutsika. Yozima mwadzidzidzi ngati wina wathimitsa swichi, yang'anani oilo. Injinizi zili ndi kachipangizo kozimitsa injini oilo akachepa kapena jenereta ikapendekeka, ndipo pamchenga jenereta imatitimira mbali imodzi ikamanjenjemera. Ena amadula waya wachikasu wa kachipangizoka kuti asamavutike. Kuuchotsa kwa mphindi imodzi poyeza n'kololedwa, koma kuusiya wodula ndi kupha injini, chifukwa tsiku limene oilo adzathe palibe chidzaiimitse. Yozima ikatentha n'kukana kulira mpaka itazizira, chotsani pulagi nthawi yomweyo, muigunditse pa chitsulo cha injini, mukoke chingwe. Moto ukapanda kuthetheka, koilo yatopa.

Pulagi yoyenera ndi NGK BPR6ES kapena yofanana nayo, mpata wa kunsonga kwake ukhale mamilimita 0.7 mpaka 0.8. Mtundu wa nsongayo umanena zambiri. Wofiirira ngati khofi wamkaka ndiye wabwino, wakuda wamwaye ndi mafuta ochuluka kapena sefa ya mpweya yotsekeka, woyera mbee ndi mafuta ochepa. Yanuyo mwina muipeza yakuda chifukwa cha choke ija. Jenereta yogula kwa wina ndi bwinonso kuiyeza mavavu injini ili yozizira, pisitoni ili pamwamba mavavu onse atatseka. Ya mpweya wolowa ikhale ndi mpata wa mamilimita 0.15, ya utsi 0.20. Chingwe chikamalimba kwambiri pokoka kapena kukubwezerani dzanja, kawirikawiri mpata umenewu wakula.

Oilo amalowa malita 0.6, jenereta ili pamalo athyathyathya, mpaka afike pamlomo pa bowo lothirira. Injinizi zilibe sefa ya oilo, ndiye litsiro lonse limazungulira momwemo. Opanga amati musinthe pakatha maola 20 oyamba, kenako maola 100 aliwonse. Inu mukuliza maola 6 pa tsiku, kutanthauza kuti maola 100 amakwana m'masiku 17. Anthu ambiri amasintha pakatha miyezi, osadziwa kuti apitirira kangapo. Ndi kutentha kwa October ndi November kuno, masabata awiri aliwonse ndi bwino, ndipo SAE 30 kapena 15W-40 amapirira. Khuthulani injini ili yofunda. Oilo akamanunkha petulo kapena akachuluka yekha, kasingano ka fuloti kakudontha, ndipo musalize mpaka mutakonza n'kusintha oiloyo. Siponji ya sefa ya mpweya muziichapa ndi sopo, iume, muidonthezere oilo pang'ono n'kufinya. Nyengo ya mwera, mphepo ikamaulutsa mchenga, muziiyang'ana sabata iliyonse.

Apa ndilankhuleko ndi anzathu amene ali ndi kajenereta kakang'ono kolembedwa 950, kosakaniza oilo m'petulo. Mphamvu yake yeniyeni ndi pafupifupi mawati 650, ndipo firiza si ya msinkhu wake. Muyeso wa ambiri ndi 50:1, kutanthauza mamililita 20 a oilo wa 2T pa lita imodzi ya petulo. Yezani ndi jakisoni wopanda singano, osati ndi maso. Kunyanja kuno n'kosavuta kupempha oilo wa injini ya boti kwa asodzi, koma wolembedwa TC-W3 anapangidwira injini yoziziritsidwa ndi madzi. Kajenereta kanu kamaziziritsidwa ndi mphepo ndipo kamatentha kwambiri. Funani wolembedwa JASO FB, FC kapena FD.

Tibwerere ku zinthu zopsa zija. Magetsi a m'Malawi ndi mavoti 230 pa 50 Hz (Hz ndi muyeso wa kusinthasintha kwa magetsi pa sekondi), ndipo kuti jenereta yotere itulutse 50 Hz iyenera kuzungulira ka 3,000 pa mphindi. Pezani multimeter, mita yoyezera magetsi, yotha kuyeza Hz. Popanda katundu ionetse 51 mpaka 52 Hz. Mukalumikiza ayironi ya magetsi ya mawati 1,000 itsike kufika cha pa 50, mavoti akhale pakati pa 220 ndi 240. Liwiro limasinthidwa ndi sikuluu yokoka sipuling'i yaikulu ya gavana, pang'onopang'ono, maso ali pa mita. Osasintha ndi khutu. Ambiri amachepetsa liwiro poganiza kuti apulumutsa mafuta, osadziwa kuti Hz ikatsika kompuresa ya firiza imatentha.

Hz ikakhala bwino koma mavoti n'kumapitirira 250 kapena kumangosinthasintha, yang'anani AVR, kachipangizo kosunga mavoti pamlingo umodzi. Tsegulani chivindikiro chozungulira cha kumbuyo, injini ili yozima. Muona kachipangizo kokhota ngati mwezi wongooneka kumene, komangidwa ndi mabawuti awiri, kokhala ndi pulagi ya mawaya 4 ndi mawaya ena awiri opita ku mabulashi, timakala tiwiri tokhudza mbali yozungulira ya jenereta. Yambani ndi mabulashiwo. Akafupika kapena akasweka asinthidwe, ndipo mphete ziwiri za mkuwa zimene amakhudza zipukutidwe mpaka ziwale. AVR yotupa, yosweka kapena yonunkha kupsa imangosinthidwa. Mawaya a ku mabulashi ali ndi + ndi -, muwabwezere mmene analili. Muonenso ngati makoswe sanadye mawaya kapena mavu sanamange dothi m'katimo.

Zinthu zambiri zimapsa poyatsa ndi pozimitsa. Lizani injini popanda cholumikiza chilichonse, ifunde mphindi 2 kapena 3, kenako yatsani firiza yokha. Kompuresa ikamadzuka imakoka mphamvu kuwirikiza katatu mpaka kasanu ndi kamodzi kuposa imene imagwiritsa ikamayenda, n'chifukwa chake mababu amaphethira. Ikakhazikika, lumikizani zinazo. Pozimitsa chotsani katundu yense kaye. Choopsa kwambiri ndi kulola mafuta kuthera zinthu zili zolumikiza, chifukwa injini ikamafa imatsamwa ndi kudzuka kangapo, magetsi n'kumalumpha. Zimenezi zimathanso kufafaniza maginito otsalira m'kati mwa jenereta, mawa lake injini n'kulira koma osatulutsa kanthu. Zikatero, injini ili yozima, chotsani mawaya a AVR ku mabulashi, mugunditse batire la mavoti 12, + ku + ndi - ku -, kwa masekondi ochepa, mubwezere mawaya. Firiza ikazima isayatsidwenso pasanathe mphindi 5. Fridge guard, kachipangizo koteteza firiza kolumikiza pa soketi, imadikira yokha, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa kompuresa. Waya wochokera ku jenereta akhale wa 2.5 mm², wotambasula yense, osati timawaya topyapyala tolumikizalumikiza ndi mapepala apulasitiki.

Ndikudziwa chimene chimachititsa anthu kulizira jenereta m'nyumba kapena m'khonde lotseka, ndi kuopa akuba. Chonde bambo, musatero ngakhale usiku umodzi. Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, umene sununkha ndipo suoneka, koma umapha anthu ali m'tulo. Ikhale panja, mamita 6 kapena kupitirira kuchokera pa khomo ndi mawindo, ekizozi italoza kutali ndi nyumba. Imangireni kakhumbi ka denga la malata, m'mbali motseguka, pansi pa simenti pokhala ndi mphete yachitsulo yomangira tcheni. Wina akayamba kumva mutu, chizungulire kapena nseru jenereta ikulira, atulutsidwe panja msanga ndipo apite naye kuchipatala. Mafuta muzithira injini itazima n'kuzizira. Ndipo tsiku limene mawaya a ESCOM adzafike kwanuko, jenereta isadzalumikizidwe ku nyumba kudzera pa soketi. Pamafunika changeover switch, swichi yolekanitsa magetsi a jenereta ndi a ESCOM, yoikidwa ndi katswiri wa chilolezo cha MERA, apo ayi magetsi anu amabwerera m'mawaya a panja n'kukapha munthu amene akukonza pa pholo.

Tsopano mafuta amene akudya phindu. Tiwerengere limodzi. Firiza ya malita pafupifupi 200 imakoka mawati 100 mpaka 120 ikamayenda. Mababu 6 a LED a mawati 7 ndi mawati 42. TV ndi dikoda, tinene 65. Matchaja angapo pamodzi, 100. Makina ometera, 15. Zonse pamodzi sizifika mawati 350, pomwe jenereta yolembedwa 2.5 kVA imatha kunyamula pafupifupi 2,000 mosalekeza. Injini iyenera kuzungulirabe ka 3,000 pa mphindi kaya yanyamula zambiri kaya zochepa, kotero ngakhale yopepukidwa chonchi imamwa cha m'ma theka la lita pa ola. Maola 6 ndi malita 3, kuti mupeze mayunitsi awiri okha a magetsi. Ikanyamula theka la mphamvu zake imamwa mosafika lita pa ola, koma n'kutulutsa magetsi ochuluka katatu. Apa ndi pamene ndalama zanu zikutayikira. Komanso firiza yoyaka maola 6 n'kuzima maola 18 siisunga nsomba bwino, zimasungunuka ndi kuumanso tsiku ndi tsiku.

Sola ndiye yoyenera katundu wochepa wa nthawi yaitali ngati wanuyu. Dzuwa la m'mphepete mwa nyanja muno ndi lokwanira. Ku Salima kuli munda wa mapanelo wa 60 MW umene unayamba kupereka magetsi mu 2021. Powerengera timatenga maola 5 a dzuwa lamphamvu pa tsiku, n'kuchotsapo magawo 30 pa 100 otayika m'kutentha, m'fumbi, m'mawaya ndi m'batire. Ndiye panelo la mawati 100 limakupatsani pafupifupi 350 Wh pa tsiku (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola).

Pa tsiku, mababu kwa maola 5 ndi 210 Wh, TV ndi dikoda kwa maola 5 ndi 325, mafoni 20 pa 15 Wh iliyonse ndi 300, makina ometera kwa maola 3 ndi 45. Zonse ndi 880 Wh. Pa zimenezi panelo limodzi la mawati 300, controller (kachipangizo kowongolera kutchaja batire) ya mtundu wa MPPT ya maampu 30 (30 A) ndi batire la mavoti 12 la 150 Ah zikwanira. Firiza ikamayaka usana ndi usiku m'kutentha kwa kuno ingadye mpaka 1,500 Wh, ndiye chiwerengero chonse chifika pa 2,400. Mukagawa ndi 3.5, imene ndi Wh zimene wati imodzi ya panelo imapereka pa tsiku, mupeza mawati pafupifupi 690, choncho mapanelo awiri a mawati 400, controller ya MPPT ya 40 A, ndi dongosolo la mavoti 24. Pa mavoti 24 mawaya amanyamula theka la maampu a pa 12, ndiye satentha. Ngati cholinga chanu n'kudzafika pa firiza, yambirani pa 24 pomwepo, kuti musadzagule zinthu kawiri. MPPT ndi imene imatha kutsitsa mavoti okwera a mapanelo akuluakuluwa osataya mphamvu. Pa controller yotchipa ya PWM gawo lalikulu lingangotayika. Samalani, zilipo zolembedwa MPPT kunja koma m'kati ndi PWM. Yeniyeni imalemera chifukwa ili ndi koilo yaikulu, ndipo imalemba mavoti apamwamba a mapanelo amene ingalandire.

Pa mabatire ndi pamene anthu amalirira. Batire la galimoto linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa masekondi ochepa, ndipo mukamalikhuthula usiku uliwonse silikhalitsa. La sola la asidi kapena la gel lisamatsike kupitirira theka. La mavoti 12 likapuma popanda katundu limaonetsa 12.7 likadzaza, ndi cha pa 12.2 likafika theka. Pamenepo ndi polekezera. Awiri a 200 Ah olumikizidwa motsatizana amasunga 4,800 Wh, ogwiritsa ntchito ndi 2,400. Akhale ofanana mtundu, kukula ndi zaka, chifukwa lakale limakokera pansi latsopano. Kutentha kumawapha msanga. Madigiri 10 aliwonse opitirira 25 amadula moyo wa batire la asidi pafupifupi ndi theka, ndiye musawaike m'kachipinda ka malata kotseka. Akhale pansi, pamthunzi, podutsa mphepo. Othira madzi muzithira madzi a batire okha, osati a pamjigo kapena a m'nyanja, ndipo asidi saonjezeredwa. Ngati thumba lilola, lithium ya mtundu wa LiFePO4 ya mavoti 25.6 ndi 100 Ah imasunga 2,560 Wh, imalola kugwiritsa magawo 80 pa 100 kapena kupitirira, ndipo imakhala zaka zambiri kuposa a asidi. Ine ndingasankhe imeneyi pa bizinesi ya tsiku ndi tsiku. Batire lililonse mulinyamule musanagule. La asidi la 200 Ah limalemera makilogalamu 55 kapena kuposa, ndipo lopepuka ngati chigubu chopanda kanthu lakunamizani pa chikalata.

Inveta, imene imasandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba, ikhale ya mtundu wa pure sine wave, ya mavoti 24, mawati 1,500. Zotchipa za modified sine wave zimaliritsa ndi kutenthetsa kompuresa ndi makina ometera. Waya wa pakati pa batire ndi inveta akhale wa 25 mm², wosapitirira mita ndi theka, ndipo pa waya wa + pafupi penipeni ndi batire pakhale fyuzi ya 100 A. Batire likagundana mawaya popanda fyuzi limasungunula chitsulo n'kuyatsa nyumba. Pa waya wopita ku controller pakhalenso fyuzi yake. Polumikiza controller yambani ndi batire, mapanelo pambuyo. Pochotsa, mapanelo ayambe. Nkhotakota ili pafupifupi madigiri 13 kumwera kwa equator, ndiye mapanelo ayang'ane kumpoto, opendekeka madigiri 15 kuti mvula izitsuka fumbi, ndipo pansi pake pasiyidwe mpata wa chikhatho kuti mphepo idutse. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango kapena ndowe za mbalame pa kona imodzi zimatsitsa mphamvu ya panelo lonse. Amangeni ndi mabawuti, osati mawaya, chifukwa mwera ukakalipa umanyamula. Mafelemu a mapanelo, inveta ndi jenereta zilumikizidwe ku ndodo ya earth yokhomedwa m'dothi lonyowa.

Firiza yomweyo ingakuthandizeni kusunga mphamvu. Ikani mabotolo a madzi pansi pake, osadzaza mpaka pakamwa, muiyendetse mwamphamvu usana dzuwa lili ng'aa, kuti usiku kompuresa izidzuka mwa apo ndi apo. Italikirane ndi khoma masentimita 10, isawombedwe ndi dzuwa, ndipo labala wa chivindikiro agwire bwino. Panikizani pepala pa chivindikiro n'kulikoka. Likasololoka mosavuta, kuzizira kukuthawira pamenepo.

Jenereta yanu ntchito yake idzakhala ya masiku a mitambo, makamaka kuyambira December mpaka March pamene mvula imatha kugwa masiku angapo otsatizana. Gulani tchaja ya mavoti 24 ya 25 A yogwirizana ndi mtundu wa batire lanu, kapena inveta yokhala ndi tchaja m'kati. Tchaja yotere imakoka mawati pafupifupi 800. Pamodzi ndi firiza, jenereta idzanyamula theka la mphamvu zake, pomwe imagwiritsa bwino mafuta, ndipo maola 2 kapena 3 adzabwezera zimene usiku unadya. Potulukira mavoti 12 pa jenereta pomwepo musatchajirepo batire la sola. Pamapereka maampu pafupifupi 8 okha, ndipo palibe chodula batire likadzaza.

Popeza idzayamba kugona masiku ambiri osalira, vuto la kabureta lija lingabwerere mosavuta kuposa kale. Mukamaliza kuigwiritsa, chotsani katundu, tsekani kampopi, muileke ilire mpaka izime yokha. Ngati ikhala kupitirira masabata awiri, masulaninso kabawuti ka pa kambale kuti otsalira atuluke. Petulo wosunga akhale m'chigubu chotseka kwambiri, pamthunzi, kutali ndi moto, ndipo asapitirire mwezi. Kamodzi pa mwezi ilizeni mphindi 20 itanyamula ayironi kapena tchaja ija, ndipo oilo muzisintha miyezi 6 iliyonse ngakhale maola 100 asanakwane.